Majakisoni atatu tsiku limodzi: mafunso ndi mayankho pa akatemera a makanda

Pamzere wa kusikelo mafunso amakhala omwewo omwewo, makamaka tsiku limene mwana wakwanitsa masabata 14 ndipo namwino watulutsa majakisoni atatu. Ena amafunsa pomwepo, ena amakafunsana panjira yobwerera, ndipo kunyumba agogo amakhala ndi awo mafunso. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ozamirapo.

Kodi mwana amalandira akatemera angati pa ulendo umodzi wa kusikelo?

Zimatengera msinkhu. Kuno ku Malawi khanda likangobadwa limalandira BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6 limabayidwa majakisoni awiri pantchafu n'kudonthezedwa akatemera awiri pakamwa. Jakisoni woyamba ndi amene anamwino amamutchula kuti Penta, ndipo mkati mwake muli akatemera asanu: wa chifuwa chokoka mtima, wa kafumbata, wa difiteriya, wa matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndi wa kachilombo ka Hib kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Wachiwiri ndi PCV, wolimbana ndi kachilombo kena ka chibayo. A pakamwa aja ndi wa poliyo ndi wa rota, woteteza kutsegula m'mimba. Mukawerenga bwino, tsiku limenelo thupi la mwana likuphunzira za matenda 8.

Pa masabata 10 amabwereza. Pa masabata 14 pamawonjezereka jakisoni wa poliyo, ndiye majakisoni n'kukwana atatu. Pa miyezi 9 kumabwera wa chikuku ndi rubela, pamodzi ndi wa tayifodi amene analowa m'ndondomeko mu 2023, ndipo wa chikuku amabwerezedwa pa miyezi 15. Unduna wa Zaumoyo umasintha ndondomekoyi nthawi ndi nthawi, choncho tsatirani zimene mlangizi wa zaumoyo walemba m'buku la mwana wanu.

Katemera akalowa m'thupi la khanda, chimachitika n'chiyani?

Katemera amanyamula chizindikiro cha kachilombo. Nthawi zina chimakhala kachilombo kophedwa, nthawi zina kamoyo koma kofooketsedwa, ndipo nthawi zina kachidutswa chabe ka khungu lake kapena poizoni wake wochotsedwa ululu. Pamalo pamene jakisoni walowa pali maselo ena amene ntchito yawo ndi kutola zachilendo. Amatola zizindikirozo n'kupita nazo ku timinofu tosefa tizilombo timene tili mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi, tomwe tija tikatupa timati mwanabere. Kumeneko ndi kumene kumadikira asilikali a m'thupi.

Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: msilikali aliyense amadziwa chizindikiro chimodzi chokha. Taganizirani tsiku la sikelo, ana makumi angapo akulira pamodzi, koma mayi aliyense amadzidzimuka ndi kulira kwa wake yekha. Momwemonso msilikali wodziwa kafumbata sagwedezeka ndi chizindikiro cha chibayo. Akakumana ndi chake amayamba kuchulukana, ena mwa ana ake n'kuyamba kutulutsa zida zogwira kachilomboko m'magazi, ena n'kukhala osunga chikumbumtima kwa zaka zambiri. Ntchitoyi imatenga pafupifupi masabata awiri kuti ioneke m'magazi. Akatemera 8 akalowa tsiku limodzi, magulu osiyana a asilikali amadzuka, lililonse pa ntchito yake, nthawi imodzi.

Koma kathupi kakang'ono chonchi sikangalemedwe ndi akatemera ambirimbiri?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo silopusa. Mwana wa masabata 6 khosi silinalimbe, liwombo likugunda, ndiye n'zomveka kuti mtima wa kholo ukayike.

Yankho limayambira pa tsiku lobadwa. M'mimba mwa mayi mwana amakhala motetezeka, koma akamatuluka amakumana ndi tizilombo ta m'njira yobadwira, ta pakhungu la mayi, ta pabere, ta m'manja mwa aliyense womunyamula. Pasanathe masiku angapo m'matumbo mwake mumakhala mutadzaza mabakiteriya osawerengeka, ndipo bakiteriya mmodzi yekha amakhala ndi zizindikiro masauzande angapo. Thupi la khanda limathana nazo zonsezi lisanatuluke n'komwe m'chikuta. Akayamba kukwawa n'kumaika pakamwa dothi, nsapato ndi chala cha mnzake, ntchitoyo imawirikiza. Poyerekeza ndi zimenezi, zimene zili mu akatemera a tsiku limodzi n'zochepa kwambiri.

Mu 2002 dokotala wa ana wa ku America, Paul Offit, ndi anzake anawerengetsa kuchuluka kwa asilikali a m'magazi a khanda, napeza kuti mwa masamu chabe thupilo lingathe kuyankha akatemera pafupifupi 10,000 nthawi imodzi. Nambalayi isatengedwe ngati malangizo, palibe amene akuganiza zobaya mwana kambirimbiri chotero. Inangosonyeza kuti malire a thupi ali kutali kwambiri ndi pamene ndondomeko ya kusikelo imafika. Ndiponso asilikali sakutha ngati ufa m'thumba: mafupa ndi kachiwalo ka pachifuwa kotchedwa thymus zimapanga atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo paukhanda ndi pamene kachiwaloka kamagwira ntchito kwambiri.

Pali mfundo ina imene imalembedwa kawirikawiri pa intaneti, yakuti akatemera a masiku ano ali ndi zizindikiro zochepa kuposa akale. Izi n'zoona kumayiko monga America ndi Britain, kumene katemera wa chifuwa chokoka mtima amapangidwa ndi tizidutswa 2 mpaka 5 tokha. Kwathu kuno Penta ali ndi kachilombo kathunthu kophedwa, kamene kali ndi zizindikiro pafupifupi 3,000, ndipo BCG nayenso ndi kachilombo kathunthu. Sitikufuna kukunamizani ndi masamu a kwina. Koma mtundu wathunthuwu wabayidwa kwa ana mamiliyoni mazanamazana kwa zaka zoposa 70, ndipo chitetezo chake chimakhalitsa kuposa cha tizidutswa tija. Mtengo wake ndi kutentha thupi ndi kulira kochulukirapo, zimene tazifotokoza m'munsimu.

Kodi akatemera sasokonezana akakumana m'thupi?

Nthawi zambiri ayi, koma nthawi zina pang'ono, ndipo pamene zimatero pamadziwika. Katemera watsopano asanaloledwe kuperekedwa tsiku limodzi ndi akale, amayesedwa pa magulu awiri a ana: ena amalandira onse pamodzi, ena padera, kenako magazi awo amayezedwa. Ngati kuphatikizako kwatsitsa chitetezo mopyola muyezo, salola.

Kusokonezana kumaoneka makamaka pakati pa akatemera amoyo. Madontho akale a poliyo anali ndi mitundu itatu ya kachilomboko, ndipo mtundu wachiwiri unkamera msanga m'matumbo n'kuphimba inzake. N'chimodzi mwa zifukwa zimene madonthowo ankafunika kubwerezedwa kangapo. Mu Epulo 2016 mayiko onse anachotsa mtundu wachiwiriwo m'madontho, popeza poliyo wachilengedwe wa mtundu umenewo anali atatheratu padziko, ndipo chitetezo chake tsopano chimachokera mu jakisoni wa pa masabata 14 uja. Madontho a poliyo amachepetsanso pang'ono mphamvu ya katemera wa rota pa ulendo woyamba, koma kusiyanako kumachepa mwana akabwereza, ndiye akatswiri anaona kuti kuwapatsa pamodzi kuli bwino kusiyana ndi kuchedwetsa mmodzi.

Akatemera amoyo obaya ali ndi lamulo lawolawo: aperekedwe tsiku limodzi, apo ayi patalikirane masabata 4. Woyamba akayamba kugwira ntchito, thupi limatulutsa zinthu zotchinga mavairasi kwa masiku angapo, ndipo wachiwiri akabwera mkati mwa nthawiyo sangamere bwino. Apa ndiye mukuona kuti kupereka tsiku limodzi nthawi zina ndiko kumapewetsa kusokonezana.

Bwanji osadikira kuti mwana akule kaye, thupi likhwime?

Chifukwa matenda sadikira. Chifuwa chokoka mtima chimapha makamaka ana osakwana miyezi 3; mwana wotere mwina satsokomola n'komwe, amangosiya kupuma. Chibayo, matenda oumitsa khosi ndi rota zimagunda kwambiri m'chaka choyamba. Katemera woperekedwa mwana ali ndi zaka ziwiri wafika nkhondo itatha.

Khanda limabadwa ndi chitetezo chobwereka. M'miyezi itatu yomaliza ya pakati, zida za m'magazi a mayi zimawolokera kwa mwana kudzera m'nsengwa, ndipo n'chifukwa chake amayi oyembekezera amabayidwa katemera wa kafumbata. Mkaka wa m'mawere, makamaka woyamba wachikasu uja, umawonjezera zida zoteteza m'matumbo. Koma chobwereka chimatha, chimanka chichepa mwezi ndi mwezi. Ndondomeko inakonzedwa kuti thupi la mwana liyambe kupanga chake cha mayi chisanathe.

N'zoona kuti pali zimene thupi la khanda silichita bwino. Tizilombo ta chibayo ndi Hib timavala chikhoto chonga shuga, ndipo ana osakwana zaka ziwiri sachizindikira chikakhala chokha. Asayansi anapeza njira m'zaka za m'ma 1980: anamangirira shugayo ku puloteni amene thupi la khanda limamudziwa msanga. Katemera wa PCV, amene Malawi anayamba kupereka mu Novembala 2011, ndi wopangidwa chotero, ndipo jakisoni mmodziyo amaphunzitsa thupi mitundu 10 kapena kuposerapo ya kachilomboko.

Nanga wa chikuku amadikiriranji mpaka miyezi 9?

Katemera wa chikuku ndi wamoyo, ndipo zida zobwereka kwa mayi zija zikakhala zikadali zambiri zimamugwira asanaphunzitse thupi kanthu. Pa miyezi 9, pafupifupi ana 85 pa 100 alionse amapanga chitetezo; pa miyezi 12 amafika pafupifupi 95. Mayiko amene chikuku n'chosowa amadikira chaka. Kumene chikuku chimabuka kawirikawiri kudikira kotero n'kuika makanda pangozi, ndiye amabaya pa miyezi 9 n'kubwereza pa miyezi 15 kuti amene sanatetezedwe ulendo woyamba atetezedwe wachiwiri. Ambiri amaiwala ulendo wachiwiriwu, poti mwana akayamba kuyenda sikelo imatayidwa. Musautaye.

N'chifukwa chiyani Penta ndi PCV amabwerezedwa katatu? Woyamba sagwira ntchito?

Amagwira, koma yankho loyamba la khanda limakhala lochepa ndipo silikhalitsa. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu umapeza asilikali okumbukira aja alipo kale, ndiye amachulukana msanga ndipo zida zawo zimagwira kachilombo molimba kuposa poyamba. Pamafunika masabata osachepera 4 pakati pa maulendowa kuti thupi limalize ntchito ya ulendo wapitawo.

Kodi akatemera ambiri safooketsa thupi kuti mwana azidwaladwala matenda ena?

Funsoli lafufuzidwa pa ana ambiri. Ku Denmark anatsatira ana oposa 800,000 obadwa pakati pa 1990 ndi 2001, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2005 sizinapeze kuti akatemera amachulukitsa kugonekedwa m'chipatala ndi matenda ena opatsirana. Ku America kafukufuku wa mu 2018 anayerekeza ana amene anadwala matenda opanda katemera ndi amene sanadwale, ndipo kuchuluka kwa zizindikiro za akatemera zimene magulu awiriwa analandira asanakwanitse zaka ziwiri kunali kofanana.

Chimene chimafooketsadi thupi ndi matenda enieniwo. Chikuku chimapha asilikali okumbukira: mu 2019 ofufuza anayeza magazi a ana osabayidwa a ku Netherlands asanadwale ndiponso atachira, napeza kuti anataya pakati pa 11 ndi 73 pa 100 ya mitundu ya zida zimene anali nazo. Katemera wa chikuku sachita zimenezi. Akuluakulu athu ankadziwa kuti mwana wochira chikuku amakhala wodwaladwala kwa miyezi, kungoti chifukwa chake n'chimene sichinkadziwika. Ndipo chikuku si nkhani yakale: mu 2010 anthu oposa 130,000 anachidwala m'Malawi, oposa 300 n'kumwalira.

Palinso kungogwirizana kwa nthawi. Miyezi imene mwana akulandira akatemera ndi yomwenso chitetezo chobwereka chikutha, ndiye chimfine ndi kutsegula m'mimba zimayamba kubwera. Wosabayidwa nayenso zimamupeza pa msinkhu womwewo.

Mwana wanga anatentha thupi n'kulira usiku wonse atabayidwa. Ndi chizindikiro chakuti zinamuchulukira?

Ayi, ndi chizindikiro chakuti thupi layamba ntchito, ngakhale kuti mwana amene sanatenthe nayenso watetezedwa. Kutentha thupi, kulira, kugona kwambiri ndi kutupa pang'ono pantchafu zimachitika kawirikawiri pambuyo pa Penta, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Akatemera angapo akaperekedwa pamodzi kutenthako kumatha kuonekera mwa ana ochulukirapo pang'ono kusiyana ndi akalandira mmodzi. Wa chikuku amachedwa: kutentha ndi tizidzolo zingabwere patatha sabata imodzi kapena masiku 12. Pa BCG pamatuluka kachotupa patatha masabata angapo, kamaphulika, kenako n'kupola kusiya chipsera. Musafinye, musapake mankhwala.

Muyamwitseni pafupipafupi, muchepetseni zofunda. Koma kuno kuli malungo, ndiye si kutentha kulikonse kumene kuli kwa katemera. Thamangirani kuchipatala ngati mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuchita njirinjiri, akupuma mobanika, wafooka moti sakudzuka, akulira mosalekeza kwa maola 3 kapena kuposa, kapena kutentha kwapitirira masiku awiri. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha kwambiri, kaonetseni osadikira. Kutupa nkhope ndi kubanika patangopita mphindi zochepa kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, pafupifupi kamodzi pa majakisoni 1 miliyoni, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kukhala pansi kanthawi pasikelo musananyamuke.

Ndimumwetse panado tisanapite kusikelo?

Ayi. Kafukufuku wa ku Czech Republic wa mu 2009 anapeza kuti ana amene anamwetsedwa panado mongoteteza, asanatenthe, anapanga zida zochepako kusiyana ndi anzawo. Akatentha kapena akamamva ululu pambuyo pake mungamupatse, pa mlingo umene achipatala akuuzani malinga ndi kulemera kwake. Asipulini asapatsidwe mwana. Chothandiza pa ululu wa jakisoni muli nacho kale: muikeni kubere asanabayidwe, pomubaya ndiponso akatha, mutamufungatira.

Ndingapemphe kuti amubaye mmodzi lero, winayo sabata yamawa?

Tikumvetsa chifundo chimene chili kuseri kwa pempholi, koma sitikulimbikitsa. Palibe umboni wakuti kupatula akatemera kumachepetsa ngozi iliyonse. Chimene kumachita ndi kusiya mwana wopanda chitetezo kwa masabata owonjezera, pa msinkhu umene matenda aja amapha kwambiri, ndiponso kusandutsa tsiku limodzi la kulira ndi kutentha kukhala masiku atatu.

Ndipo tisaiwale za ulendo. Kwa mayi amene amayenda maola awiri mwana ali kumsana, kapena amalipira kabaza kupita ndi kubwera, kapena amadikira sikelo ya kumudzi imene imabwera kamodzi pamwezi, ulendo uliwonse wowonjezera ndi mpata wakuti katemera wina adumphidwe. Mvula ikagwa mtsinje n'kudzaza, kapena maliro akagwa pamudzi, "sabata yamawa" ija imasanduka miyezi itatu.

Bwanji osangosakaniza onse mu jakisoni mmodzi kuti mwana asalire katatu?

Penta ndi kuyesa kumeneko: asanabwere mu 2002, akatemera asanuwa akanafuna majakisoni atatu. Koma kusakanizako kumachitikira kufakitale ndipo kumayesedwa kwa zaka, chifukwa madzi osungira katemera wina amatha kuononga mnzake. Namwino saloledwa kusakaniza yekha. Katemera aliyense amakhala ndi jakisoni wake ndi malo ake, ndipo awiri akabayidwa ntchafu imodzi amatalikirana masentimita 2.5 kuti pakatupa padziwike kuti watupitsa ndi uti.

Nanga mwana wobadwa masiku asanakwane, wonyentchera, kapena amene mayi ake ali ndi HIV?

Awa ndiwo ofunika katemera koposa, chifukwa matenda akawagwira amawagwira moopsa. Wobadwa masiku asanakwane analandira zida zochepa kwa mayi ake, popeza zimawoloka kumapeto kwa pakati. Masabata ake amawerengedwa kuyambira tsiku lobadwa monga mwana aliyense, ndipo mlingo suchepetsedwa. Wonyentchera amabayidwa. Wa chimfine, chifuwa chaching'ono kapena kutsegula m'mimba pang'ono amabayidwanso. Amene amadikiritsidwa ndi wodwala kwambiri.

Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amatsatira ndondomeko yomweyo. Chosamala chili pa akatemera amoyo, makamaka BCG, amene saperekedwa kwa mwana woonetsa zizindikiro za matenda a HIV. Auzeni achipatala mmene zilili, iwo adzaona.

Ndinamva kuti katemera wa rota sagwira bwino kuno. Ndi chifukwa cha kuphatikiza?

Kuphatikiza ndi madontho a poliyo kuli ndi gawo laling'ono, monga tanenera pamwambapa, koma si nkhani yonse. Katemerayu atayesedwa ku Malawi ndi ku South Africa, zotsatira za mu 2010 zinasonyeza kuti anateteza kutsegula m'mimba koopsa kwa rota ndi 49 pa 100 ku Malawi, pamene ku South Africa anafika 77 pa 100. Akatemera a pakamwa amagwira mocheperako m'mayiko osauka ambiri, ndipo ofufuza amaloza ku tizilombo tina tochuluka m'matumbo a ana, kunyentchera ndi kuchuluka kwa zida zochokera kwa mayi. Chodabwitsa n'chakuti pa ana 100 alionse omulandira, katemerayu anapewetsa matenda ambiri ku Malawi kuposa ku South Africa, chifukwa kuno rota woopsa anali wochuluka. Boma linamuyamba mu Okutobala 2012.

Mwana wanga anamaliza madontho a poliyo, koma a kampeni abweranso pakhomo. Sadzamuchulukira?

Sadzamuchulukira. Ngati m'matumbo mwake muli kale chitetezo, kachilombo kofooka ka m'madonthowo sikamera, kamangodutsa. Ngati chitetezo sichinakwane, madontho owonjezerawo amatseka mpata. Makampeni a zaka zaposachedwa anayamba pamene mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wachilengedwe, wa mtundu wofanana ndi wa ku Pakistan, patatha zaka 30 matendawa asanaoneke m'dziko muno.

Katemera wa malungo wabwera pamwamba pa onsewa. Ameneyu anayesedwa pamodzi ndi anzake?

Inde. Pa kuyesa kwakukulu kwa katemera wa malungo wotchedwa RTS,S m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, gulu lina la makanda linamulandira tsiku limodzi ndi akatemera a masabata 6, 10 ndi 14. Chimene chinapezeka n'chakuti amateteza bwino akayambidwa mwana ali ndi miyezi 5 kupita mtsogolo kusiyana ndi pa masabata 6, ndiye anaikidwa pa miyezi yakeyake. Malawi ndi dziko loyamba kumupereka kusikelo, mu Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Sateteza kotheratu, choncho neti isachoke pamphasa ya mwana.

Tinadumphitsa miyezi itatu. Tiyambirenso poyamba?

Ayi. Asilikali okumbukira aja akadalipo, mwana amapitiriza pamene analekezera. Pa ulendo wotere angalandire akatemera ochulukirapo kuposa masiku onse, mwachitsanzo Penta wachitatu, PCV, jakisoni wa poliyo ndi wa chikuku tsiku limodzi, ndipo zimenezi n'zololedwa pa zifukwa zimene zili m'funso lachitatu lija. Ngati buku linatayika kapena linanyowa ndi mvula, pitanibe. Mlangizi adzayang'ana m'kaundula wa kusikelo, adzaona chipsera cha BCG pamkono, n'kukufunsani kuti mwana anabayidwa kangati komanso pati.